Mutu 11: Kulimbana ndi Udzu M'munda wa Lucerne Wongofesa Kumene ku Bulawayo

Mzinda wa Bulawayo, womwe ndi wachiwiri pa kukula m'dziko la Zimbabwe, uli pakati pa dera la ng'ombe. Mvula ya kumeneko ndi ya apo ndi apo. Pa chaka imagwa pafupifupi mamilimita 600, ndipo yambiri imagwa pakati pa Novembala ndi Malichi. Akatswiri atagawa dzikolo m'zigawo zisanu za ulimi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Bulawayo anagwera m'chigawo chachinayi, kumene chimanga chodalira mvula chimacha mwamwayi koma ziweto zimachita bwino. N'chifukwa chake malo ofufuzira za ulimi a Matopos, amene anatsegulidwa mu 1903 kum'mwera kwa mzindawu, akhala akulimbikira kwambiri za ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi msipu. N'chifukwa chakenso likulu la kampani ya nyama ya Cold Storage lili ku Bulawayo komweko.

Woweta aliyense wa ku Matabeleland amadziwa miyezi imene mutu umamuwawa. Kuyambira Meyi udzu wa kutchire umauma, ndipo ukauma chakudya chomanga thupi chimatsika mpaka magawo 3 kapena 4 pa 100 alionse. Ng'ombe imadya n'kudzaza mimba, koma nthiti zimaonekabe ndipo mkaka umaphwa. Chaka cha chilala zimafika poipa. Mu Epulo 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti Zimbabwe yagwa m'ngozi ya chilala cha El Niño, patangodutsa masiku owerengeka Pulezidenti Lazarus Chakwera atalengeza zofanana ku Malawi. Chaka chimenecho ng'ombe zambiri za ku Matabeleland zinafa ndi njala ndi ludzu.

Alimi amene ali ndi madzi othirira, monga a m'mbali mwa mtsinje wa Umguza, a ku Nyamandlovu kumene kuli zitsime zakuya za madzi ambiri, ndi a m'chigwa cha Esigodini, ali ndi mwayi wolima mbewu yotchedwa lucerne, imene a ku America amati alfalfa. Mbewuyi ndi ya m'banja la nyemba, ndipo inachokera ku madera a Iran ndi pakati pa Asia. Ikamwetedwa, n'kuumitsidwa, n'kumangidwa m'mabelo, imakhala ndi chakudya chomanga thupi chokwana magawo 18 mpaka 20 pa 100 alionse. Munda umodzi umakhala zaka zinayi, zisanu, kapena kupitirira, ndipo ukamathiriridwa bwino umamwetedwa kasanu ndi kamodzi kapena kuposa apo pa chaka.

Zokoma zonsezi zimadalira miyezi iwiri yoyamba. M'miyezi imeneyi mdani wamkulu wa lucerne si chilala kapena tizilombo, koma udzu. Ndipo udzu umagonja mosavuta kwa mlimi amene wayamba kulimbana nawo njere isanalowe m'dothi.

Mbewu yochedwa kudzuka

Njere ya lucerne ndi yaing'ono zedi. Kilogalamu imodzi imakhala ndi njere zoposa 400,000, ndipo njere yochepa chotere siisunga chakudya chokwanira kukankhira mmera patali. Imafesedwa mosazamitsa, pafupifupi sentimita imodzi yokha, chifukwa ikakwiririka kwambiri mmera umafera pansi. Ikamera imatulutsa timasamba tiwiri tokhuthala, kenako katsamba kamodzi kokhakokha, kenako masamba ake enieni okhala atatuatatu.

Mlimi wosazolowera amakhumudwa akaona mmerawo ukungokhala pomwepo sabata ndi sabata. Koma ntchito imakhala ikuchitika pansi. Mbewuyo imayamba yazika muzu wautali umene m'zaka zotsatira umatsika mamita angapo kukafuna chinyezi. Pakapita masabata angapo, muzuwo umakokera tsinde pansi pang'ono, kotero kuti mfundo zoyamba zimalowa m'dothi. Pamenepo ndi pamene pamapangika chitsa chomwe chizidzaphukira nthawi zonse mlimi akamweta.

Udzu suchedwa choncho. Maudzu a m'dzinja amakonda kutentha ndi dzuwa lowala, ndipo akapeza chinyezi amakula msanga kuposa mbewu iliyonse ya m'banja la nyemba. Mizu yawo yambirimbiri imayala pamwamba n'kumwa madzi ndi feteleza, masamba ake n'kuphimba mmera wa lucerne. Mmera wosowa dzuwa umaonda, umatalika mopanda mphamvu, kenako umafa.

Chimene chimapangitsa imfa imeneyi kukhala yopweteka n'chakuti lucerne sapakizika monga chimanga kapena fodya. Lucerne akakhwima amatulutsa m'masamba ndi m'mizu mwake mankhwala ena olepheretsa njere za lucerne mnzake kumera ndi kuzika bwino. Mlimi amene wawaza njere zatsopano m'mipata ya munda wa chaka chimodzi amangotaya ndalama. Mpata umene udzu watsegula m'miyezi yoyamba umakhala mpata mpaka mundawo udzagawulidwe, ndipo chaka ndi chaka udzu umaukulitsa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo palibe mbewu imene mawuwa amaikhudza kuposa iyi.

Kudziwa udzu umene wamera

Si udzu wonse umene umafa ndi njira imodzi, choncho ndi bwino mlimi agwade pansi n'kuona chimene chamera.

Gulu loyamba ndi la maudzu omera kuchokera ku njere chaka ndi chaka. Wofala kwambiri m'minda ya ku Zimbabwe ndi umene amautcha rapoko grass, pa Chilatini *Eleusine indica*, m'bale wake wa mawere. Umayala pansi, tsinde lake ndi laphwatalala ndi loyera kumunsi, ndipo ukakula suzuka wamba. Phata limodzi limabereka njere masauzande ambirimbiri. Palinso Shamva grass, *Rottboellia cochinchinensis*, umene umakonda dothi lolemera lachinyezi, umatalika kuposa munthu, ndipo uli ndi ubweya wobaya m'manja. Ena ndi a mitundu ya *Urochloa* ndi *Digitaria*, komanso *Setaria verticillata* wa ngala zomata pa zovala. Womalizayu ndi woipa pawiri, chifukwa ngala zake zikalowa m'mabelo zimalasa ziweto m'kamwa.

Gulu lachiwiri ndi la udzu wosafa, ndipo mfumu yake ndi kapinga, amene Andebele amati uqethu, Ashona n'kumati tsangadzi. Kapinga amayanga pamwamba ndi pansi pomwe. Kachidutswa kalikonse ka muzu wake kokhala ndi mfundo kamaphuka n'kukhala phata latsopano. Thirakitala ikadutsa ndi zitsulo zophwanyira zibuma m'munda wa kapinga dothi lili lonyowa, imangomuduladula n'kumudzala munda wonse.

Gulu lachitatu ndi la dawe. Ambiri amamuyesa udzu, koma si udzu. Thyolani tsinde lake ndipo mulizungulitse pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala: mudzamva ngodya zitatu, pamene tsinde la udzu weniweni ndi lobulungira kapena laphwatalala. Kusiyana kumeneku n'kofunika ndalama, chifukwa mankhwala opha udzu m'munda wa lucerne samukhudza dawe n'komwe. Iye amachulukana ndi timbatata take ta pansi ndipo amakonda malo odikha madzi.

Ntchito ya miyezi isanafike nthawi yofesa

Choyamba ndi kusankha malo. Kuzungulira Bulawayo kuli dothi lofiira la katondo limene Andebele amati isibomvu, dothi lakuda la makande lotchedwa isidaka, ndi mchenga wochokera ku miyala ya mapiri a Matobo. Lucerne amafuna dothi lakuya, losasunga madzi pamwamba, ndiponso lopanda asidi wambiri, la pH ya pakati pa 6.5 ndi 7 akayeza ndi madzi. Katondo wakuya ndiye amamukomera. Pa makande odikha madzi mizu imaola, ndipo pa mchenga wa asidi mbewu imakhala yachikasu ndi yonyentchera. Ponseponse pamene lucerne wafooka, udzu umalowa. Choncho kuyezetsa dothi ndi kuthira laimu miyezi ingapo pasadakhale ndi mbali ya nkhondo yolimbana ndi udzu, ngakhale sizioneka choncho.

Chachiwiri ndi kufunsa mbiri ya mundawo. Ngati munali chimanga chimene anapoperamo atrazine, mankhwalawa amatha kutsalira m'dothi miyezi yambiri, makamaka chaka chimene mvula yachepa, ndipo amapha mmera wa lucerne. Ngati munali tirigu, yembekezerani kuti tirigu wotayika pokolola adzamera yekha m'nyengo yozizira. Munda wabwino ndi umene unalimidwa mbewu yopaliridwa bwino kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, udzu osaulola kubereka njere.

Chachitatu ndi kuthana ndi kapinga munda udakali wopanda mbewu. Njira yakale ndi kugawula m'chilimwe, kutembenuza mizu kuti ipse ndi dzuwa, kenako kuisonkhanitsa ndi kuitentha. Njira ina ndi kupopera glyphosate kapinga ali wobiriwira ndipo akukula, chakumapeto kwa dzinja, n'kudikira sabata imodzi kapena ziwiri osalima kuti mankhwala atsike mpaka ku mizu. Kapinga wofota ndi dzuwa kapena wodyedwa ndi ziweto mpaka pansi samwa mankhwala okwanira. Amangopsa pamwamba, mvula ikabwera n'kudzukanso.

Chachinayi ndi kuunyenga udzu kuti umere nthawi yake isanakwane. Mlimi amalima, amaphwanya zibuma, amasalaza munda ngati akufuna kufesa mawa, kenako amathirira n'kuusiya. Pakatha masiku 10 mpaka 14 munda umachita biriwiri ndi timaudzu tating'ono. Iye amatipha ndi khasu lopala pamwamba chabe kapena ndi glyphosate. Ngati nthawi ndi madzi zilipo, amabwereza kachiwiri. Chinsinsi chake ndi kusatembenuzanso dothi mozama, chifukwa njere za udzu zimene zimamera ndi za pamwamba, ndipo khasu likazama limafukula zina zimene zinagona pansi. Ku Bulawayo madzi ndi a mtengo wapatali, ndipo kuthirira munda wopanda mbewu kumaoneka ngati kuwononga. Komatu madzi a kuthirira kumodzi kapena kuwiri ndi ochepa powayerekeza ndi madzi amene udzu ungamwe m'zaka zisanu.

Chachisanu ndi kusamala ndi chonde chimene tikuthira. Manyowa a m'khola osaola bwino amadza ndi njere za udzu zimene zadutsa m'mimba mwa ng'ombe zili zamoyo. Feteleza wa nayitrojeni, monga ammonium nitrate amene alimi a ku Zimbabwe amabereketsera chimanga, amanenepetsa udzu kuposa lucerne. Mbewuyi imadzipezera yokha nayitrojeni kuchokera mu mpweya mothandizidwa ndi tizilombo tokhala m'timibulu ta pa mizu yake. Chimene imafuna kwa mlimi ndi fosifeti, potashi pamene wachepa, ndi inokulanti wokhala ndi tizilombo timeneti, wopaka ku njere tsiku lofesa. Ku Grasslands, ku Marondera, kuli fakitale ya boma yopanga inokulanti wa mbewu za m'banja la nyemba. Mlimi atchule kuti akufuna wa lucerne, chifukwa wa soya sagwira ntchito pa mbewuyi.

Kufesa m'masika

Pa njira zonse, yotsika mtengo kwambiri ndi kusankha bwino mwezi wofesa. Mlimi wozolowera chimanga mtima umamuuza kuti adzale ndi mvula yoyamba. Lucerne wofesedwa mu Novembala kapena Disembala amamera tsiku limodzi ndi maudzu onse a m'dzinja, pa nthawi imene iwo ali pa mphamvu yawo yonse, ndipo mpikisano umenewo sangaupambane.

Alimi a kum'mwera kwa Africa amene amathirira amafesa m'masika, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Epulo. Pa nthawiyi dothi likadali lofunda mokwanira kumeretsa lucerne, koma maudzu a m'dzinja ayamba kufooka. Bulawayo ali pamalo okwera mamita oposa 1,300, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chowaula masamba, makamaka m'zigwa. Chisanucho chimapha maudzu a pachaka ndipo chimagoneka kapinga, pamene lucerne amene wafika masamba atatuatatu angapo amachipirira n'kumapitiriza kuzika mizu. Kutentha kukamabwerera mu Sepitembala ndi Okutobala, lucerne amakhala ataphimba nthaka, ndipo njere ya udzu yomera pansi pake imasowa dzuwa. Kuchedwa kwambiri n'koopsanso, chifukwa mmera wongotuluka kumene ukakumana ndi chisanu choopsa umapserera.

Mbewu ikhale yovomerezeka, yochokera kwa ogulitsa odziwika. Mbewu ya pamsika yosadziwika gwero imatha kubwera ndi njere za udzu komanso za dodder, chomera chachikasu chonga ulusi chimene chimakulunga lucerne n'kumamuyamwa. Pa hekitala yothirira amafesa makilogalamu 20 mpaka 25. Kumana mbewu ndi kuitana udzu, pakuti malo alionse opanda lucerne adzapeza mwini wake. Kufesa m'mizere yotalikirana masentimita 20 mpaka 30 n'kwabwino kuposa kungowaza, chifukwa mlimi amatha kuzindikira mbewu yake ndi kulowetsa kakhasu pakati. Akafesa, dothi alitsendere kuti njere igundane ndi nthaka, ndipo azithirira pang'onopang'ono koma pafupipafupi mpaka mmera utuluke.

Udzu ukamera ndithu

Ngakhale mlimi atasamala chotani, udzu wina udzamera. Pa munda waung'ono, manja ndi kakhasu zimakwana, bola ntchitoyo ichitike udzu usanakwanitse masamba anayi. Udzu wokula ukamazulidwa umanyamula dothi pamodzi ndi mmera wa lucerne woyandikana nawo. Aganyu auzidwe bwino maonekedwe a mbewuyo, chifukwa mmera wake ndi wosavuta kuusokoneza ndi zomera zakutchire.

Ena amati kumweta pamwamba kumathetsa vuto. Kumathandizadi pa bonongwe, chisoso ndi zomera zina za masamba aakulu, chifukwa zimenezi zimakulira kunsonga ndipo zikadulidwa mutu zimafooka. Udzu umakulira kutsinde, pafupi ndi dothi, kumene chikwakwa sichifika. Ukamwetedwa umaphuka msanga kuposa lucerne wamng'ono. Phindu la kumweta pa udzu ndi kuuletsa kubereka njere ndi kutsegulira mmera dzuwa kwa masiku ochepa. Ngati mwamweta, dulani pamwamba pa nsonga za lucerne ndipo muchotse zomwetedwazo kuti zisafunditse mmera.

Pa munda waukulu, mlimi amatembenukira ku mankhwala osankha, amene amapha udzu n'kusiya mbewu za masamba aakulu. Odziwika ndi fluazifop, wogulitsidwa ndi dzina la Fusilade, haloxyfop wa dzina la Gallant, propaquizafop wa dzina la Agil, ndi clethodim wa dzina la Select. Onsewa amagwira ntchito mofanana. Chomera chilichonse chimafuna mafuta kuti chipange maselo atsopano pamene chikukulira. Mankhwalawa amatseka njira yopangira mafutawo mu udzu, koma njira ya m'thupi mwa lucerne, soya kapena thonje ndi yopangidwa mosiyana, ndipo mankhwala saigwira. Pa chifukwa chomwecho, amapha chimanga, mapira, tirigu ndi nsenjere, zomwe ndi za m'banja la udzu. Osapopera kuli mphepo ngati munda woyandikana nawo uli ndi mbewu zimenezi.

Musanagule, werengani malangizo a pa botolo ndipo muone ngati lucerne watchulidwa, kapena funsani alangizi a zaulimi a boma a AGRITEX. Pa botolopo palembedwa mlingo, msinkhu wa mbewu woyenera kupopera, mafuta kapena mankhwala omatitsa ofunika kusakaniza, ndi masiku oyenera kudikira musanamwete kapena kudyetsa ziweto. Masiku amenewa si ongolemba chabe, pakuti zimene ng'ombe yadya zimakathera mu mkaka umene ana amamwa. Ku Zimbabwe botolo lililonse la mankhwala a mbewu limakhala ndi chizindikiro cha ngodya zitatu: chobiriwira, chachikasu, chofiira kapena chapepo, ndipo chapepo ndiye choopsa koposa. Wopopera avale nsapato za jombo, magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi mphuno, ndipo asambe akangomaliza.

Pali chenjezo kwa amene amawerenga malangizo pa intaneti. Ku America kuli alfalfa wosinthidwa chibadwa kuti asafe ndi glyphosate. Analoledwa mu 2005, khoti linamuimitsa mu 2007, ndipo analoledwanso mu 2011. Alimi a kumeneko akamanena zopopera glyphosate pamwamba pa mbewu amanena za mtundu umenewo. Lucerne wamba, monga amene amalimidwa ku Zimbabwe, akapoperedwa glyphosate amafa pamodzi ndi udzu.

Kupopera koyenera

Mankhwala ambiri amene alimi amati ndi achinyengo amakhala atalephera chifukwa cha nthawi kapena mlingo. Udzu upoperedwe uli ndi masamba awiri mpaka anayi, usanayambe kuphukira m'mbali, ndiponso ukukula mosangalala. Udzu wofota ndi ludzu kapena woumitsidwa ndi chisanu sumwa mankhwala. Ndi bwino kuthirira, kudikira masiku awiri kapena atatu, kenako n'kupopera m'mawa mame atauma.

Mlingo umapezeka poyesa mpope wa kumsana ndi madzi okha. Yezani malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Thirani madzi odziwika kuchuluka kwake mu mpope, ikani nozo yotulutsa madzi motambalala, ndipo poperani malowo pa liwiro limene mungaligwire tsiku lonse. Mukamaliza yezani madzi amene atsala. Tinene kuti apita malita awiri. Hekitala ndi malo oterowo 100, ndiye kuti mukupopera malita 200 pa hekitala. Mpope wa malita 16 udzadzazidwa maulendo 12 ndi theka kuti hekitala ithe, choncho mlingo wa pa hekitala wolembedwa pa botolo ugawidwe ndi 12.5 kuti mupeze wothira mu mpope umodzi. Wopopera akasintha, kapena nozo ikasintha, yesaninso. Mpope umene munali 2,4-D kapena atrazine utsukidwe mobwerezabwereza, chifukwa timadontho totsalira timapiringiza mmera wa lucerne.

Mukapopera musataye mtima msanga. Udzu umasiya kukula m'masiku awiri oyamba koma umaonekabe wobiriwira. Pakatha sabata imodzi kapena masiku 10, pitani m'munda, gwirani katsamba katsopano ka pakati pa udzu ndipo mukoke pang'ono. Ngati mankhwala agwira, kamasololoka mosavuta ngati mtima wa chimanga chodyedwa ndi kapuchi, ndipo kumunsi kwake kumakhala kofiirira ndi kowola. Masamba akunja amasanduka ofiira kenako amauma, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu phata lonse limafa. Kapinga yekha kawirikawiri amafuna kubwereza akaphukanso.

Mankhwala a gulu limodzi akamagwiritsidwa ntchito chaka ndi chaka, udzu umafika powazolowera. Mwa mapata masauzande ambiri, limodzi limabadwa losamva mankhwalawo, limapulumuka, limabereka, ndipo pakapita zaka mbumba yake imadzaza munda. Ku Malaysia, rapoko grass yemweyu anasiya kumva mankhwala a gulu la fluazifop, ndipo pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasiyanso kumva glyphosate. Ku Western Cape, ku South Africa, alimi a tirigu akuvutika ndi udzu wa ryegrass pa chifukwa chomwecho. Kusintha dzina la botolo sikuthandiza ngati mankhwalawo ndi a gulu limodzi. Phata lililonse lopulumuka lizulidwe ndi manja lisanabereke.

Kumweta koyamba ndi zaka zotsatira

Njala ya ziweto imakakamiza mlimi kumweta msanga, koma lucerne woyamba ayenera kudikiridwa mpaka tsinde limodzi pa 10 alionse litachita maluwa, kapena mpaka mphukira zatsopano zitayamba kuoneka pa chitsa. Pofika pamenepo mizu imakhala itasunga chakudya chokwanira kudzutsira mbewu msanga. Pomweta musiye chitsa cha masentimita 5 mpaka 7. Lucerne womwetedwa pafupipafupi asanakhwime amachepa mphamvu, amafa mmodzimmodzi, ndipo kapinga amalowa m'malo mwake.

Kathiriridwe nakonso kamasankha wopambana. Munda ukangomwetedwa, nthaka imakhala pambalambanda, ndipo madzi othiridwa tsiku lomwelo amameretsa njere za udzu pa dzuwa. Ndi bwino kuthirira mokwanira masiku angapo musanamwete, kuti pamwamba pakhale pouma pamene mizu yakuya ya lucerne ikumwa pansi, n'kudzathiriranso mbewu ikayamba kuphuka. Madzi asadikhe m'munda, ndipo ngalande ndi m'mphepete mwa munda muzimwetedwa, pakuti njere zambiri za udzu zimabwera ndi madzi. Pa chaka chonse lucerne amamwa madzi a pakati pa mamilimita 800 ndi 1,600, kuposa mvula yonse ya ku Bulawayo, choncho dontho lililonse lopita ku udzu lalandidwa ku mkaka.

Udzu pang'ono m'mabelo a munda wokhwima si tsoka. Ng'ombe za nyama zimadya bwinobwino. Koma oweta ng'ombe za mkaka amagula lucerne chifukwa cha masamba ake, ndipo akamasula belo n'kupezamo mapesi a udzu amatsitsa mtengo. Kumbukiraninso kuti lucerne wamuwisi, makamaka wanthete kapena wamame, amatupitsa mimba ya ng'ombe yanjala mpaka kuipha. Afotetsedwe kaye, kapena aperekedwe ng'ombe itadya udzu wouma.

Kwa mlimi wa kwathu

Bulawayo si mudzi wachilendo kwa ife Amalawi. Makolo athu ambiri anapita kumeneko, ena wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kukagwira ntchito ku njanji, m'migodi ndi m'mafamu, ndipo zidzukulu zawo zikadali ku Makokoba, ku Sizinda ndi m'minda yozungulira mzindawo. Vuto la chakudya cha ziweto m'chilimwe ndi limodzi kuno ndi uko. Alimi a ng'ombe za mkaka a ku Thyolo, Chiradzulu, Lilongwe ndi Mzuzu amadalira nsenjere, madeya ndi lukina, ndipo mkaka umatsika pamene nsenjere yauma. Amene ali ndi madzi odalirika ndi dothi lakuya losadikha madzi angathe kuyesa lucerne.

Yambani ndi kamunda kamene mungathe kukapalira ndi manja a pakhomo panu. Sankhani malowo chaka chimodzi pasadakhale, yezetsani dothi, thanani ndi kapinga, meretsani udzu ndi kuupha musanafese, ndipo fesani m'masika, m'mizere, mbewu yokwanira yopaka inokulanti. M'miyezi iwiri yoyamba muziyendera mundawo kawiri pa sabata, mutawerama, kuti udzu muziuona uli ndi masamba awiri. Mankhwala akhale othandizira pamene manja alephera, ndipo muwathire pa mlingo wake ndi pa nthawi yake. Mukaona kuti kapinga sanathe ndipo mwezi wofesa wafika, musakakamize: dzalanimo mbewu ina yopalira, ndipo lucerne mudzafese chaka chamawa m'munda woyera.